Lumo Lisafike Pamutu

Lamulungu, 2 Malichi

Andigoneka masana ano. Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pa windo. Kutentha kwa thupi 39.2. Ndayamba kulemba kuti adokotala akandifunsa kuti chakutichakuti chinayamba liti, ndiziyankha zoona, osati zongoganizira. Ntchito yanga ndi yoyeza madzi akumwa a mumzinda, ndipo ndinazolowera kulemba chilichonse.

Zinayamba chonchi. Pa 22 Febuluwale anandiwoka tsitsi pa kachipatala kena kolipira konkuno ku Bangkok. Anazula mizu 2,400 kunkhongo n'kuibzala kutsogolo ndi paliwombo, pamene dazi linadya kale. Ndili ndi zaka 42. Dazili ndi la kumtundu, la bambo, ndipo ndakhala ndikuliyeza ndi rula pagalasi kuyambira ndisanakwane zaka 30. Sindinauze munthu. Ku ntchito ndinatenga tchuthi, kumudzi ku Roi Et akudziwa kuti ndili pa maphunziro.

Malangizo anali omveka: kugona chokhala, osakanda, osavala chothina kumutu kwa masabata awiri. Ndinasunga onse mpaka Lachiwiri. Tsiku limenelo ndimapita kukatsukitsa mutu ku kachipatala kaja, msewu utadzaza, ndipo poopa kuchedwa ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Pafupi ndi mlatho panali apolisi. Wakabaza anandipatsira chipewa choteteza mutu chija amavala aliyense, chonyowa ndi thukuta la amene anatsika ine ndisanakwere. Ndinachigwira m'manja kanthawi. Chibadwire sindinaphwanyepo lamulo la pamsewu. Ndinavala.

Lachisanu mutu unayamba kutentha. Dzulo mafinya.

Lolemba, 3 Malichi

38.8. Dokotala wanga ndi mayi Ratchani, wamng'ono kwa ine, wosachulukitsa mawu. Akuti tizilombo talowa pansi pa khungu. Apala mafinya pang'ono kupita nawo kokayeza, zotsatira Lachinayi. Pakadali pano mankhwala a m'diripi kanayi pa tsiku, masiku osachepera asanu ndi awiri. Kutsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Anamwino asanandigwire kumutu amayamba agwirizanitsa manja n'kunena kuti, “Pepani achimwene, ndikugwirani.” Amanena tsiku lililonse, ngakhale mutu wake ukununkha.

Bedi la kumanja kuli a Sanguan, bambo wachikulire wogulitsa bakha wowotcha ndi mpunga. Shuga anawadula zala ziwiri za kuphazi. Anamwino atachotsa bandeji yanga, a Sanguan anasuzumira.

“Aphunzitsi, limeneli ndi dimba? Mizere yake yowongoka bwino. Feteleza munathira wanji kuti lipse chonchi?”

Ndawauza kuti si ine mphunzitsi. Akuti aliyense wolemba atagona ndi mphunzitsi.

Akazi awo amabwera masana. Ataona dzira pa mbale yanga analichotsa, akuti wa chilonda akadya dzira chipsera chimatupa. Analipereka kwa amuna awo, amene chilonda chawo n'chachikulu kuposa changa. Sindinatsutse.

Lachiwiri, 4 Malichi

Achemwali anga a Lamduan anaimba m'mawa, ndili pakati potsukidwa.

Bambo amwalira. Anagwa pa dziwe akudyetsa nsomba. Pamene galimoto imafika anali atapita.

“Ukwere basi ya madzulo,” anatero achemwali. “Amayi atumiza kale munthu kukagula lumo ndi nsalu.”

“Ndili m'chipatala.”

“Chipatala? Wachita chiyani?”

“Chilonda kumutu. Njinga yamoto.”

Bodza lenileni silinali. Koma ndinadziwa chimene amva.

Mwana wamwamuna ndine ndekha. Tsiku lowotcha thupi ndiyenera kumeta mutu ndi nsidze, kuvala chikasu ngati mmonke wa Chibuda, n'kuyenda patsogolo pa bokosi nditagwira chingwe choyera, kuti bambo aone njira. Anzanga anavala chikasu ali ndi zaka 20. Ine ndinali ku koleji, kenako ntchito, kenako kukwezedwa. Bambo analeka kufunsa. Ankangoti, “Udzandivalira pa moto wanga. Tsiku limodzi likwana, machimo anga si ambiri.”

38.6. Sindinadye.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndafunsa adokotala. Ndikulemba monga zinayendera, mu ndondomeko yake.

Ndinati, “Nditameta ndi lumo Loweruka, mizu ingazuke?”

Anati, “Ina izuka. Koma a Wirat, mizu ndi nkhani yaing'ono. Lumo likadutsa pa mafinyawa litsegulira tizilombo njira yolowera m'magazi. Lisafike pamutu umenewu. Bwanji, mukufuna kumeta chifukwa chiyani?”

Apo m'pamene ndinatchula za bambo. Ndinayamba ndi mizu.

Anagwirizanitsa manja n'kundipepesa. Kenako anati tidikire zotsatira za mawa. Zikakhala bwino, mwina angandisinthire ku mapiritsi Lachisanu, ndipite ndikaime pa maliro, koma osameta. Ndinati kuima kokha ngakhale oyandikana nawo nyumba aima. Anapita kwa wodwala wina.

Achemwali akuti mapemphero a madzulo anayamba dzulo ku kachisi. Mwambo ukanatha ndi masiku atatu, koma Lachisanu sawotcha munthu, ndiye amayi anena kuti Loweruka. Akuti ndikhala nditapeza bwino. Bambo ali m'bokosi lozizira lija lolumikiza ku magetsi.

Windo la muno silitseguka. Kunja kumaoneka khoma la nyumba ina ndi makina ake oziziritsa mpweya, akudontha.

Lachinayi, 6 Malichi

Zotsatira zabwera. Tizilombo take ndi tosamva mankhwala amene ndakhala ndikulandira. Masiku anayi apita pachabe. Ayamba ena: kawiri pa tsiku, botolo lililonse lidonthe maola awiri, likathamanga nkhope imafiira. Magazi aziwayeza pafupipafupi chifukwa mankhwalawa amavuta impso. Masiku khumi kuyambira lero. Mapiritsi ake palibe oti angandidalire nawo.

Ndinafunsa ngati ku chipatala cha kwathu sangapitirize. Akuti mwina, kutentha kukatsika n'kukhala pansi masiku awiri. Lero 39.0.

A Sanguan anamva zonse, makatani a muno sabisa mawu.

“Aphunzitsi, musadandaule. Makina ometera ndili nawo m'kabatimu, ndimametera ndevu. Chikasu tibwereka katani iyi. Mapemphero ndimadziwa theka, theka linalo tizingong'ung'udza.”

Akazi awo anawamenya ndi chikupizo. “Munthu waferedwa, inu.”

“Ndiye ndikumusangalatsa. Ukufuna ndimulirire? Misozi yanga ili ndi shuga, ibwera ndi nyerere.”

Ndinaseka pang'ono. Kuseka kumakoka khungu la kunkhongo.

Lachisanu, 7 Malichi

39.4. Kunjenjemera. Singano yatupitsa mkono wamanzere, asamutsira kumanja. Kulemba kukuvuta.

Ndatumiza uthenga kwa achemwali kuti mawa sindikwanitsa.

Loweruka, 8 Malichi

Sanawotche. Amayi akana. Auza mkulu wa amonke kuti awonjezere masiku, mwana wawo akubwera.

Achemwali anaimba ali kuseri kwa khitchini ya kachisi, mapoto akumveka. Mawu awo anali osasa.

“Iwe Wirat, madzulo aliwonse tikudyetsa mudzi wonse. Azakhali a ku Khon Kaen akugona pansi tsiku lachisanu lino. Dzulo magetsi anazima, ine ndi alamu ako tinathamanga kukabwereka jenereta kuti bokosi lisafunde. Bambo aja sanadikirepo munthu moyo wawo wonse, basi ikachedwa ankayamba wapansi. Lero akudikira iwe. Chilonda chake n'chotani chimenecho? Chigaza chinasweka? Ndiuze zoona, ndiwakonzekeretse amayi.”

Ndinawauza. Zonse, ndi chipewa chomwe.



“Wagula tsitsi.”

“Si logula, achemwali. Ndi langa lomwe. Angolichotsa kumbuyo n'kuliika kutsogolo.”

“Ee. Ndiye bambo akugona mu firiji chifukwa iwe wasamutsa tsitsi.”

“Amayi musawauze.”

“Ine ndawauza zambiri sabata ino. Izi uwauza wekha.”

38.7. Impso zili bwino, akutero.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndadzuka diso lamanzere litatupa chikope. Kutupa kwatsika kuchokera pamphumi.

Ndinapempha pepala lodzitulutsa ndekha. Anamwino anabweretsa, ndi cholembera. Ndinavala malaya, thalauza, nsapato. Ndinapinda zovala za chipatala n'kuziika pa pilo. Pepalalo ndinaliwerenga katatu, ndipo ndinapezamo mawu amodzi olembedwa molakwika.

Mayi Ratchani anabwera ngakhale silinali tsiku lawo. Sanakalipe.

“Sindingakumangirireni pabedi, a Wirat. Koma basi ndi maola asanu ndi atatu, kutentha kwake mukukudziwa. Mudumpha mabotolo atatu kapena anayi. Izi zili pachikope. Zikalowa kuseri kwa diso, nkhani yake sikhalanso ya tsitsi. Ndipo mukafika kumeneko mumeta, ndikudziwa. Simungaime pamaso pa mayi anu n'kukana.”

Anachoka. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, cholembera m'manja, mpaka ngolo ya chakudya inadutsa.

A Sanguan anati, “Aphunzitsi, pitani kapena gonani. Mukunditopetsa khosi.”

 Patapita nthawi analankhulanso, osayang'ana kwa ine.

“Mayi anu aphikira maliro amodzi. Mapoto akadali pamoto, n'zoona, koma musawapatse achiwiri.”

Ndinavula nsapato.

Sindikudziwa ngati ndatsalira amayi, diso, kapena mizu. Ndayesa kusiyanitsa, zikukana.

Lolemba, 10 Malichi

38.1. Chikope chimodzimodzi, sichinawonjezere.

Mkulu wa amonke wauza achemwali kuti lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, lomaliza. Pali maliro ena akudikira malo. Amayi ayankha kuti ngati ndi choncho bokosi alisunge m'chipinda cha kuseri mpaka mwana wawo achire, kaya ndi mwezi. Achemwali akuti palibe amene angawatembenuze koma ine.

Ndinaimba masana. Amayi salankhula pafoni ngati anthu ena, amakuwa ngati uli kutsidya kwa munda. Lero sanakuwe.

“Wadya?”

“Ndadya, amayi.”

“Ubwera liti?”

“Amayi, wotchani mawa.”

“Awatsogolera ndani?”

Yankho ndinali nditakonza kuyambira m'mawa. “Alamu a Thawin.”

A Thawin ndi amuna a achemwali. Amaimba gitala pa maukwati ndi pa zikondwerero za kachisi, tsitsi lawo lofika m'mapewa amalimanga ndi kalabala. Bambo sanawaitanepo ndi dzina. Ankangoti “woimba uja.”

“Ukunena ndiwe zimenezi?” anafunsa amayi.

“Ndine.”

“Mutu wakowo unasweka kwambiri?”

Mpata wonena zoona unali umenewo. Ndinati, “Adokotala akaniza lumo.”

Anapereka foni kwa munthu wina osatsanzika. Ndinamva mapazi awo akuchoka.

Lachiwiri, 11 Malichi

Achemwali anandionetsa mwambo wa maliro pafoni. Netiweki ya kumudzi imaduka, ndipo iwo anali ndi zambiri zogwira, choncho nthawi yambiri ndimaona mapazi a anthu, mchenga, ndi denga la malata.

Kumeta ndinakuona bwino. Alamu anakhala pa mpando wapulasitiki atavula malaya, manja atagwirizanitsa. Mmonke wachikulire anayamba ndi sizasi chifukwa lumo silikanalowa. Tsitsi limagwa zitsotso zitsotso, lakuda bii, lopanda imvi ngakhale imodzi. Anthu ena amaseka, wina anakuwa kuti akazi a m'maukwati alira lero. Alamu sanaseke. Atameta nsidze sindinawazindikire.

Anamwino anabwera ndi botolo la masana bokosi litangonyamuka. Ataona foni anaima pambali, botolo m'manja. Ndinawauza kuti alumikize, nthawi ya mankhwala isadutse. Analumikiza mwakachetechete.

A Sanguan anazimitsa wailesi yawo, n'kudzutsa akazi awo amene amasinza pampando. Onse awiri anagwirizanitsa manja moyang'ana foni yanga.

Alamu anayenda patsogolo ndi chingwe, osavala nsapato, mchenga ukuotcha. Anazungulira nyumba yowotchera katatu. Amayi anali pambuyo pawo penipeni, atagwira chingwe chomwecho. Sanayang'ane ku foni.

Chithunzi chinaima pamene amakwera masitepe. Chitabwerera, achemwali anali ataloza kumwamba, ku chumuni. Utsi unali utayamba.

Botolo linatha bwino. Nkhope sinafiire.

Lachitatu, 12 Malichi

37.2. Chikope chaphwa. Mafinya achepa. Adokotala akondwa.

Lachinayi, 13 Malichi

36.9. Ndaimbira amayi kawiri. Achemwali akuti ali kumunda. Mwezi uno kumunda kulibe ntchito.

Anatola mafupa a bambo dzulo m'mawa. Alamu avula chikasu. Akuti akuyenda ndi chipewa cha nsalu ndipo ana akuwathawa.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndadzuka pa pilo pali titsitsi tatifupi tambirimbiri, tina tili ndi nkhanambo kunsonga. Ndinatitolera pa kapepala n'kudikira adokotala.

Akuti zimatero kwa aliyense. Tsitsi lowokedwa limathothoka sabata yachitatu kapena yachinayi, muzu n'kutsala m'kati uli mtulo. Limayamba kumera pakatha miyezi itatu kapena inayi, lofewa ngati la khanda, ndipo kuti lioneke bwino pamafunika chaka. Koma kumanzere, pamene mafinya anakhalitsa, pali malo aakulu ngati chikhatho cha mwana pamene sakuyembekeza kanthu. Mwina patsala chipsera chosalala. Zonse pamodzi, mwina magawo awiri mwa atatu apulumuka. Sangalonjeze.

Ndinalemba manambalawo. Ndinadabwa kuti ndikufunabe kuwadziwa.

A Sanguan atuluka masana. Anandisiyira theka la botolo la msuzi wa nsomba limene amabisa kwa anamwino.

“Dimba likabereka mudzabwere ku msika, aphunzitsi, ndidzaone. Likakanika mudzabwerebe. Bakha safunsa.”

Pabedi pawo aikapo munthu wosalankhula, wa mapaipi m'mphuno.

Loweruka, 15 Malichi

Amayi abwera. Palibe anandichenjeza. Ndinatsegula maso nthawi ya alendo n'kuwaona ataima kumiyendo kwa bedi, atavala zakuda, kadengu ka mpunga womata kali m'manja. Achemwali anali kumbuyo kwawo, maso pansi. Ku Bangkok amayi anafikako kamodzi kokha, tsiku limene ndinalandira digiri.

Ndinafuna kutsika kuti ndigwade, paipi ya diripi inandikoka. Ndinagwirizanitsa manja ndili pabedi pomwepo.

“Chotsani nsaluyo,” anauza anamwino.

Anamwino anayang'ana ine. Ndinavomera ndi mutu.

Amayi anavala magalasi awo. Anazungulira bedi, n'kuyang'ana kunkhongo kumene kuli timabowo tofiira, kenako kutsogolo. Anatenga nthawi, monga amachitira posankha nsalu.

“Njinga yamoto sicheka mizere,” anatero.

“Ayi, amayi.”

“Mchemwali wako wandiuza m'basi. Ndinamukakamiza, usamukwiyire.” Anavula magalasi. “Bambo ako anayenda ndi dazi lawo zaka makumi anayi. Dzuwa likawaotcha ndinkawapaka mafuta a kokonati. Sanandifunsepo ngati limandinyansa.”

Ndinati pepani. 

Mayi Ratchani analowa akuzungulira odwala. Amayi sanadikire kuti ndiwadziwitse.

“Adokotala, mwana wanga, zimenezi zimera liti?”

“Miyezi itatu kapena inayi, amayi. Osati zonse.”

“Lumo lingafike liti?”

Adokotala anandiyang'ana kaye. “Khungu likapola bwino, miyezi itatu ikakwana. Lumo latsopano, dzanja lofatsa.”

Amayi anawerenga pa zala, milomo ikuyenda. “Mwambo wa tsiku la zana chimwalirireni bambo ako ndi pa 12 Juni. Zikukwana.” Anatembenukira kwa ine. “Ndalankhula kale ndi akulu a ku kachisi. Woimba uja wachita tsiku limodzi, ndipo wachita bwino, ndamupatsa wotchi ya bambo ako. Tsiku limodzi linali la pa moto. Moto wadutsa. Iwe uvala pa tsiku la zana, ndipo ukhala mpaka mvula ithe.”

“Amayi, imeneyo ndi miyezi inayi. Ntchito...”

“Boma limapereka tchuthi cha chikasu. Ndafunsa aphunzitsi aakulu a kwathu.”

Achemwali anatsokomola. “Amayi, amonke amameta mwezi uliwonse. Ndiye kuti likangotuluka...”

“Ndikudziwa mmene amonke amametera,” anatero amayi. “Limene limere chaka chino ndi la bambo ake. La chaka chamawa adzapesa.”

Ndinaganiza zofunsa adokotala ngati kumeta mwezi ndi mwezi sikuvutitsa mizu yongodzuka kumene. Funsolo linafika mpaka pamilomo. Iwo anaima ndi faelo yawo, akudikira, ngati akulidziwa.

Ndinati, “Chabwino, amayi.”

Anakweza dzanja kulunjika kumutu kwanga. Anamwino anati, “Pepani amayi, osagwira.” Dzanjalo linaima m'malere kanthawi, kenako linatsikira pa khutu langa n'kulikoka, osati kwambiri.

Anatsegula kadengu, naumba mpunga, n'kundiika m'dzanja lopanda singano. Unali utazizira m'basi. Ndinadya wonse.

36.8. Mabotolo atsala atatu. Lolemba ndikalemba kalata yopempha tchuthi.